Laputopu ya kushopu kwathu ku Limbe: pomwe tafika pa nkhani ya purosesa ndi RAM

Lolemba

Kompyuta ya patebulo yomwe timagwiritsa ntchito kushopu yatopa. Sikuti yafa ayi, koma magetsi akangothima nayo imathima pomwepo, ndipo munthu amene wabwera ndi pulogalamu ya maliro a mawa amangokuyang'ana kukamwa. Ntchito yathu ndi yosindikiza: makadi a ukwati ndi a chinkhoswe, ma CV, zikwangwani za misonkhano ya mipingo, komanso mapepala a ana a ku MUBAS ikafika nyengo yopereka ntchito kwa aphunzitsi awo. Zomwe zimakhala zotsegula tsiku lonse ndi CorelDRAW, Photoshop, Word, ndi Chrome yokhala ndi WhatsApp Web, poti zithunzi zambiri makasitomala amatumiza pafoni. Chaka chino mphwanga wayambanso kujambula mavidiyo a maukwati, ndiye akufuna podulira ndi kulumikizira mavidiyowo madzulo tikatseka.

Ndalama ikuchokera kwa achemwali, eni shopu, amene chipereganyu chawo chikuwafika kumapeto kwa mwezi uno. Ine yanga ndi yosankha. Ya m'bokosi sitingaikwanitse. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wotereyu imangoyenda ndi dola, ndipo mtengo umene wakuuza wogulitsa lero usauwerengere sabata yamawa. Tikuyang'ana zimene anthu amati ex-UK, malaputopu amene makampani a kunja anagwiritsa ntchito zaka zingapo n'kuwasiya.

Mpanda woyamba ndauika pa Windows. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Windows 11, yomwe inatuluka mu 2021, imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo ka mkati, ndiponso purosesa, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena AMD Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, kupatula zochepa kwambiri. Anyamata okonza makompyuta amadziwa njira yoikira Windows 11 mokakamiza pa makina akale, ndipo imayenda. Koma kompyuta ya kushopu kwathu imameza fulashi ya aliyense wolowa pakhomo, ina yochokera m'makompyuta amene sanaonepo antivirus chigulireni. Sindikufuna kudzadzuka tsiku lina n'kupeza kuti zigamba za chitetezo zasiya kubwera. Choncho chilichonse cha m'badwo wa 7 kutsika m'munsi chatuluka pa mndandanda, ngakhale chitakongola bwanji.

Lachitatu

Ndazungulira m'mashopu a m'tauni, Victoria Avenue ndi Haile Selassie Road, kenako n'kubwerera kuno ku Limbe. Malaputopu ndi mbwee. Ogulitsa onse nyimbo yawo ndi imodzi: Core i7.

Pa shopu ina ndinali kuyang'ana kalaputopu kakuda kosaoneka bwino, ndiye mnyamata wake ananditulutsira ina yasiliva, yopukutidwa mpaka kunyezimira.

"Bwana, makina ndi awa. Core i7, 2.7 GHz. Iyo mwagwirayo ndi i5 chabe, 1.6. Mwakuona kusiyana kwake?"

Ndinamupempha kuti ayatse zonse ziwiri. Ndinadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager n'kutseguka, n'kupita pa Performance, pa CPU. Yasiliva ija inalemba i7-7500U, ma core 2 (ma core ali ngati antchito a mkati mwa purosesa ogawana ntchito). Yakudayo inalemba i5-8250U, ma core 4.

"Achimwene, yanuyi ili ndi ma core awiri. Iyi ili ndi anayi."

"Komabe i7 ndi i7, bwana."

Mnyamatayo sananame. Manambala onse amene anatchula ndi oona. Vuto lake n'lakuti ndi manambala amene sauza munthu zambiri. Dzina la purosesa ya Intel limanena zinthu zitatu, ndipo i5 kapena i7 ndi chaching'ono mwa zitatuzo. Chachikulu ndi nambala yoyamba pambuyo pa kamzere, yomwe ndi m'badwo. 7500U ndi ya m'badwo wa 7, ya mu 2016. 8250U ndi ya m'badwo wa 8, ya mu 2017. Pakati pa mibadwo iwiriyi ndi pomwe Intel inachotsa ma i5 ndi ma i7 a malaputopu opepuka pa ma core awiri n'kuwaika pa anayi, ndiye i5 ya 2017 imaisiya kutali i7 ya 2016 pa ntchito iliyonse yotha kugawidwa, monga kutulutsa vidiyo kapena kutsegula zinthu zambiri nthawi imodzi. I7 imaposa i5 zikakhala za m'badwo umodzi basi, ndipo ngakhale pamenepo kusiyana kwake pa malaputopu opyapyala n'kochepa poyerekeza ndi ndalama yomwe amawonjezera.

Za GHz nazo ndi chimodzimodzi. 1.6 ija ndi liwiro loyambira, lomwe purosesa imalonjeza kuti ingathe kukhala nalo ma core onse akugwira ntchito popanda kupitirira ma watt 15 amene inapangidwira. Ikapatsidwa ntchito ili yozizira imakwera mpaka 3.4 GHz. Ya i7-7500U imayambira pa 2.7 n'kukathera pa 3.5. Ndiye pamwamba zikungosiyana ndi 0.1, pomwe imodzi ili ndi antchito awiri, inayo anayi. Pa kapepala ka mtengo amalemba nambala imene ikuoneka yaikulu kwa iwo, lero yoyambira, mawa yapamwamba.

Pa mibadwo ya 10 ndi 11 pamafunika kuwerenga manambala awiri oyamba. I5-10210U ndi ya m'badwo wa 10. I5-1135G7 ndi ya m'badwo wa 11, ya mu 2020, osati wa 1 monga anandiuzira munthu wina amene amafuna kundichenjeza kuti ndisagule chinthu chakalekale. Kwa AMD nakonso kuli kamsampha kake. Ryzen 5 5500U ya mu 2021 mkati mwake ndi ya kapangidwe ka Zen 2, kamodzimodzi ndi ma Ryzen 4000 a mu 2020, pomwe 5600U ndiyo ili ndi Zen 3. Kulipira zambiri chifukwa dzina layamba ndi 5 kumafuna kuti uyambe waona nambala yachiwiri.

Chachitatu ndi chilembo cha kumapeto. U ndi ya ma watt 15, yosadya batire. H ndi ya ma watt 45, monga i7-8750H ya ma core 6 yomwe imapezeka m'malaputopu osewerera magemu. Mphwanga maso ake ali pa zimenezo. Ndamuuza kuti aiwale. N'zamphamvu ndithu, koma chaja yake ndi chinjerwa, batire yake sichedwa kutha, ndipo ife chomwe tikugulira laputopu ndi choti magetsi akathima ntchito ipitirire.

Chinthu china: sitika ya pafupi ndi kiyibodi sindikuikhulupirira. Imamatuka ndipo imamatika pena. Chomwe chalembedwa mu Task Manager ndi mu BIOS, pulogalamu ya mkati yomwe imayamba Windows isanatseguke, ndicho ndikulemba m'kope langa.

Lachinayi usiku

Lero sindinapite kulikonse. Ndinatsitsa kachitini komwe timasungamo tizidutswa ta RAM (momwe kompyuta imasungira kwakanthawi zomwe ikugwiritsa ntchito) totsala ku makompyuta akufa, n'kukhala pansi kutiwerenga, chifukwa ogulitsa ayamba kutchula liwiro la RAM ngati chokometsera malonda. "Iyi RAM yake ndi 3200, bwana, yothamanga."

Pa kachidutswa kalikonse pali kapepala koyera. Kamodzi kalembedwa 8GB 1Rx8 PC4-2400T. PC4 ndiye kuti DDR4. 2400 ndi kuchuluka kwa maulendo amene RAM imatumiza kapena kulandira uthenga pa sekondi, powerenga m'mamiliyoni. Ulendo uliwonse umanyamula ma byte 8, ndiye 2400 kuchulukitsa ndi 8 ndi 19,200 MB pa sekondi, n'chifukwa chake mabokosi ena amalemba PC4-19200. Ya 2666, yomwe imalembedwa PC4-2666V, imafika cha pa 21,300. Ya 3200, PC4-3200AA, imafika 25,600. Ena amadabwa akatsegula CPU-Z, pulogalamu yoonetsa za mkati mwa kompyuta, n'kuona 1200 MHz pa RAM ya 2400, n'kumaganiza kuti anaberedwa. Sanaberedwe. DDR imatumiza kawiri pa kugunda kumodzi kwa wotchi yake, ndiye CPU-Z imaonetsa theka.

Tsono pali zinthu zitatu zomwe zandichititsa kuti nambala imeneyi ndisaithamangire.

Purosesa ndiyo imaika malire. I5-8250U imalekezera pa DDR4-2400. Ukaikamo kachidutswa ka 3200 kadzagwira ntchito bwinobwino, koma pa 2400. I5-10210U imafika 2666. I5-1135G7 ndi ma Ryzen 4000 ndiwo amafika 3200. Pa malaputopu a maofesi BIOS ilibe poti n'kukankhira RAM kupyola pamenepo, monga amachitira anthu a makompyuta a patebulo. Ndiye wogulitsa akamanyadira RAM ya 3200 mu laputopu ya m'badwo wa 8, akunyadira kapepala.

Kachiwiri n'kakuti RAM yothamanga siyankha msanga kwenikweni. Pali nambala ina ya CL, yosonyeza kugunda kungati komwe RAM imadikira isanayambe kupereka chomwe yafunsidwa. Ya 2400 kawirikawiri ndi CL17, ya 2666 ndi CL19, ya 3200 ndi CL22. Ukawerengetsa, kudikirako kumakhala ma nanosekondi pafupifupi 14.2 pa 2400, 14.3 pa 2666, ndi 13.75 pa 3200. N'chimodzimodzi. Chomwe chimakula ndi kuchuluka kwa katundu wodutsa, osati kufulumira kwa yankho loyamba. Pa Word ndi Excel palibe amene angasiyanitse.

Chachitatu ndicho chandigwira mtima. Mapurosesa onsewa ali ndi njira ziwiri zolankhulirana ndi RAM. Ukaika kachidutswa kamodzi, njira imodzi yokha ndiyo imagwira ntchito, inayo imangokhala. Ukaika tiwiri, zonse ziwiri zimatseguka. Zili ngati msewu wa Masauko Chipembere atatseka mbali imodzi: ngakhale minibasi iliyonse itathamanga bwanji, anthu ofika ku Limbe pa ola limodzi achepa basi. Kachidutswa kamodzi ka 3200 kamadutsitsa 25,600 MB pa sekondi. Tiwiri ta 2400 timadutsitsa 38,400. Wochedwa ali ndi mnzake amaposa wothamanga ali yekha.

Izi zikutikhudza ife makamaka chifukwa malaputopu amene tingakwanitse alibe khadi yakeyake ya zithunzi. Gawo lojambula zithunzi pa sikirini lili mkati mwa purosesa momwemo, ndipo lilibe RAM yake, limabwereka pa yomweyo. Kaya ndi UHD 620 ya m'badwo wa 8, Iris Xe ya m'badwo wa 11, kapena Radeon ya mu Ryzen, zonse zimadya pa mbale imodzi ndi purosesa. Mphwanga akamaseweretsa vidiyo uku akuidula, njira imodzi ija imadzaza.

Ndipo pamwamba pa zonsezi pali kukula kwa RAM. 8GB masiku ano Windows 11 ndi Chrome zimadyapo gawo lalikulu usanatsegule n'komwe Photoshop. Ikadzaza, kompyuta imayamba kusungira zinthu pa SSD, mosungira mafayilo, yomwe ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM ina iliyonse. Ndiye ndondomeko yanga yakhala iyi: 16GB kaye, tizidutswa tiwiri, ndipo liwiro likhale lomwe lapezeka.

Mu kachitinimo ambiri ndi DDR3L, a mapini 204, ndipo salowa m'malo a DDR4 a mapini 260 chifukwa kampata kake kali pena. DDR5 ya mapini 262, yoyambira pa 4800, nayo ili ndi kampata kakekake. Imeneyo ndi ya malaputopu atsopano amene ndalama yathu siifikako.

Loweruka

Mndandanda wafupika. Funso lomwe ndikufunsa tsopano pa laputopu iliyonse ndi lakuti ili ndi malo angati olowetsa RAM, chifukwa zambiri zopyapyala RAM yake anaiwotcherera pa motherboard, sichotseka ndipo siwonjezereka.

Lenovo ThinkPad T480 ili ndi malo awiri, purosesa ya m'badwo wa 8, ndi mabatire awiri, imodzi mkati, ina yochotseka kunja. HP EliteBook 840 G5 nayo malo awiri, m'badwo womwewo. Dell Latitude 5490 malo awiri, koma pa zitatu zonsezi pamafunika kuonetsetsa poti zina zinatuluka ndi purosesa ya m'badwo wa 7. ThinkPad T490 ndi T14 yoyamba zili ndi RAM ina yowotcherera ndi malo amodzi owonjezerapo, zomwe sizoipa ngati yowotchererayo ili 8GB, poti ukaika ina ya 8GB njira ziwiri zija zimatseguka. Ndipo pa shopu ina yaing'ono kuno ku Limbe ndapeza HP EliteBook 845 G7 ya Ryzen 5 PRO 4650U: ma core 6, ma thread 12, ya mu 2020, malo awiri a RAM, koma muli kachidutswa kamodzi ka 8GB.

Chodabwitsa n'chakuti mtengo wake sukusiyana kwambiri ndi wa ma i7 a m'badwo wa 8. Mwini shopu ananena yekha kuti yakhalitsa pa shelefu.

"Anthu akangoona kuti si Intel amaibweza, akulu. Amati AMD imatentha."

Mbiri imeneyo inachokera ku ma AMD akale a A6 ndi A8, ndipo panthawiyo inali ndi pogwira. Ma Ryzen 4000 ndi nkhani ina, anapangidwa pa 7 nm pomwe Intel ya m'badwo wa 8 inali pa 14 nm, ndipo nambala yaing'ono imasonyeza kapangidwe katsopano, kosadya magetsi kwambiri. Koma sindinamuphunzitse zimenezo mwini shopuyo, poti mtengo ukanakwera ndili pomwepo.

Madzulo ndinawafotokozera achemwali. Anandimvetsera mpaka pa ma core, kenako anakweza dzanja.

"Achimwene, ine za ma core sindikuzidziwa. Ndiuzeni chinthu chimodzi. Munthu akabwera ndi chikwangwani cha mamita atatu, ndidzakhala ndikumupepesa ngati panopa?"

"Ayi achemwali, bola tiwonjezere RAM."

"Ndiye ndalama ya RAM-yo ichokere pa yomweyo. Musabwerenso kudzandipempha ina."

Alamu anga anali pambali akudya chinangwa, iwo maganizo awo ali pa T480 chifukwa cha batire yochotseka ija. Mfundo yawo ndi yomveka: batire yakunja ikatha mphamvu umangogula ina n'kulowetsa, osamasula chilichonse. Ndaisunga ngati yachiwiri, ngati ya Ryzen ikalephera mayeso.

Lachiwiri

Chipereganyu chafika. Ndinapita ndi fulashi yanga yokhala ndi CPU-Z, HWiNFO, CrystalDiskInfo ndi Cinebench, n'kupempha mpando. Mwini shopu anaseka, akuti makasitomala ena amangoona ngati ikuyaka basi.

Ndinayamba ndi BIOS, podina F10 ikungoyaka. Malaputopu ochokera m'makampani ena amabwera ndi pasiwedi ya BIOS yomwe palibe akuidziwa, ndipo pa makina a zaka zimenezi kuichotsa si nkhani yongochotsa kabatire kakang'ono ka mkati monga kale. Iyi inatseguka popanda kufunsa kanthu. Kenako batire: mu Command Prompt ndinalemba powercfg /batteryreport, yomwe imatulutsa tsamba loonetsa mphamvu imene batire inabadwa nayo ndi imene yatsala. Yatsika ndithu, koma osati mochititsa mantha. SSD ndi ya mtundu wa NVMe, 256GB, ndipo CrystalDiskInfo inati ili bwino. Ndi yaing'ono kwa munthu wa mavidiyo, koma imeneyo ndi nkhani ya mwezi wina.

Mayeso enieni anali a kutentha. Okutobala wa ku Blantyre aliyense akumudziwa, ndipo shopuyo ndi ya malata opanda siling'i, nthawi ili cha m'ma 2 koloko masana. Malo abwino kuposa amenewo oyesera laputopu kulibe. Ndinayatsa Cinebench, pulogalamu yopatsa purosesa ntchito yolemetsa, kuti ibwerezebwereze, HWiNFO ili pambali kuonetsa liwiro ndi kutentha. Poyamba purosesa inakwera bwino. Patapita mphindi zingapo fani inayamba kulira mokweza, mpweya wotuluka uli wochepa, liwiro n'kumatsika pang'onopang'ono. Purosesa iliyonse ikatentha kwambiri imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, ndiye 4.0 GHz yolembedwa pa pepala imakhala ya kanthawi chabe ngati mpweya sukuyenda.

Ndinapempha kuti atsegule pansi. Pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira kutentha panali fumbi lopanikizana ngati kansalu, lotuwa mbuu, loti linachoka lonse limodzi atalikoka ndi kachitsulo kotolera tinthu. Thermal paste, phala lopaka pa purosesa lothandiza kuchotsa kutentha, inali itauma gwa, ikusweka ngati dothi. Mnyamata wa pashopupo anapukuta ndi spirit, n'kuika ina yatsopano kadontho kamodzi, n'kubwezera. Titayesanso, fani inkalirabe koma mpweya unkamveka padzanja, ndipo liwiro linatsika pang'ono n'kukhazikika pamalo amodzi mpaka mayeso kutha. Kusintha komwe kwabwera ndi kuchotsa fumbi lija n'kwakukulu kuposa komwe ndikanapeza polipira i7 m'malo mwa i5.

Ndinaonetsetsanso chaja. Ndi ya ma watt 65, yolemera m'manja, osati zopepuka zija zimene zimatentha ngati mbaula. Chaja yoperewera mphamvu imachititsa laputopu kudzichepetsera liwiro ngakhale ili yozizira. Kiyibodi ndi ya ku UK, ya chizindikiro cha £ pa 3, ndipo @ ili pafupi ndi Enter, zomwe achemwali azolowera kale.

Tatenga. Ndalama inapita pa Airtel Money, risiti yolembedwa pamanja yokhala ndi nambala ya makinawo, ndi lonjezo lakuti ikavuta m'mwezi woyamba tibweze.

Lachisanu

Kusaka kachidutswa kachiwiri. Kamene kali mkati kalembedwa 8GB 1Rx16 PC4-3200AA. Ndimafuna mnzake wa 3200, koma atsopano mtengo wake wandibweza. Chaka cha 2025 makampani akuluakulu opanga RAM anayamba kuchepetsa DDR4 kuti apange zatsopano, ndiye m'malo motsika mtengo poti ndi yakale, yakwera. Ndalama yotsala pa ya achemwali ija sinakwane.

Kuseri kwa msika wa Limbe kuli bambo wina wokonza malaputopu, amene tebulo lake ladzaza ma motherboard akufa. Anatsegula kabotolo ka pulasitiki n'kukhuthulira tizidutswa pa nyuzipepala. Wa 3200 panalibe. Panali ka 8GB 1Rx8 PC4-2666V, kochokera mu laputopu yomwe inathiridwa tiyi.

"Aka kakuchepetsera sipidi, mwana wanga," anatero bamboyo. "Ukaphatikiza, onse awiri ayenda pa 2666. Bwanji osadikira ndikupezere wa 3200?"

Ananena zoona, ndipo ndinawalemekeza chifukwa chonena, poti ena akanangolandira ndalama. Tizidutswa tosiyana liwiro timatsatira kochedwako. Koma masamu a Lachinayi lapita aja ndinali nawo m'kope. Kamodzi ka 3200 ndi 25,600 MB pa sekondi. Tiwiri pa 2666 ndi pafupifupi 42,600. Kutsika kuchoka pa 3200 kufika pa 2666 n'kutaya gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, pomwe kutsegula njira yachiwiri n'kuwirikiza. Kuwonjezera apo RAM yonse ikuchoka pa 8GB kufika 16GB, chomwe ndicho chachikulu.

"Bambo, ndipatseni komweka. Kakakana ndibwera nako mawa."

"Kakakana ubwere, tisinthe."

Kunyumba ndinathimitsa laputopu, n'kumasula masikulu a pansi, n'kuyamba ndachotsa waya wa batire ndisanakhudze china chilichonse. Kachidutswa kamalowa chopendekera, kampata kake kayang'anizane ndi kamzere ka m'malomo, kenako umakadinikiza pansi mpaka tizitsulo ta m'mbali titalira kuti tha. Poyatsa koyamba sikirini inakhala yakuda kwa kanthawi ndithu, mphwanga n'kuyamba kundiyang'ana. Ndi mmene zimakhalira RAM ikasintha, makina amayamba aiyeza kaye. Kenako chizindikiro cha HP chinatuluka, ndi uthenga wonena kuti kukula kwa RAM kwasintha.

Task Manager ikuti 16GB, liwiro 2667, malo ogwiritsidwa ntchito 2 mwa 2. Gawo lina laling'ono lalembedwa kuti lasungidwira zida, limenelo ndi la Radeon. CPU-Z ikuonetsa kuti njira zonse ziwiri zikugwira ntchito, ndi wotchi ya RAM cha pa 1333 MHz.

RAM yochokera mu makina akufa siyenera kukhulupiriridwa chifukwa choti yayaka. Ikhoza kukhala ndi malo amodzi olakwika amene angadzawononge fayilo ya kasitomala patapita milungu, iwe n'kumanamizira CorelDRAW. Ndaika MemTest86, pulogalamu yoyezera RAM, pa fulashi, ndipo ndaisiya ikuyenda usiku uno.

Lamlungu madzulo

MemTest86 inamaliza maulendo ake onse anayi popanda cholakwika. Magetsi anathima pakati pa usiku, koma batire inagwira mpaka anabwera.

Dzulo laputopu inagwira tsiku lake loyamba kushopu. Chikwangwani cha msonkhano wa amayi a mvano, chokhala ndi zithunzi zambiri, chinatseguka mu CorelDRAW Photoshop ili yotsegula kale, ndipo achemwali anakoka chithunzi kuchoka kumanzere kupita kumanja popanda kudikira. RAM yogwiritsidwa ntchito inadutsa 8GB mosavuta, zomwe zikutanthauza kuti tikanasiya kachidutswa kamodzi kaja bwenzi ikupumira pa SSD tsiku lonse. Mphwanga anabwereza vidiyo ya chinkhoswe cha ku Chilomoni yomwe anaiyesapo Lachitatu RAM ili imodzi. Tsiku lija akamaiseweretsa ali mkati modula inkadumphadumpha pamalo pomwe waika mawu ndi maluwa oyenda. Tsopano ikudutsa bwino, kupatula pamene wasanjikiza mavidiyo atatu a 4K ochokera pafoni, ndipo pamenepo ndamuuza kuti azipanga makope aang'ono odulira, poti laputopu ya ma watt 15 ili ndi polekezera. Nthawi yotulutsira vidiyo yomaliza yatsika, koma osati kwambiri ngati mmene kudula kwapepukira.

Pansi pa laputopu taika timatabwa tiwiri kumbuyo kuti mpweya uzilowa, ndipo ndawapempha achemwali kuti isamaikidwe pa mulu wa mapepala kapena pa nsalu ya patebulo. Fumbi la ku Limbe ndi la pepala lodulidwa silichedwa, ndiye fani tizidzaitsegula mvula isanayambe komanso ikatha.

Zotsala: SSD ya 256GB yadzaza kale theka ndi mavidiyo a maukwati awiri okha. Laputopuyi ili ndi malo amodzi a SSD, ndiye kaya tigula ya 512GB n'kusamutsa zonse, kaya hard drive yakunja ya mavidiyo okhaokha. Mphwanga akuti alipira yekha pa ukwati wa ku Zingwangwa wa mwezi wamawa. Dalaivala ya pulinta yaikulu ija sinalowebe bwino pa Windows 11, ikusindikiza koma siikuona thireyi ya A3, ndiye mawa m'mawa ndiyamba ndi imeneyo tisanatsegule.